Webusaiti ya malo ogona alendo: tilembe tokha HTML kapena tigwiritse ntchito pulogalamu yongosanja?

Funso: "Ndimayang'anira malo ogona alendo a banja lathu ku Senga Bay, zipinda 6 ndi kamalo kodyera. Alendo ambiri amatipeza pa Facebook, koma ochokera ku Lilongwe ndi kunja amakonda kufunsa ngati tili ndi webusaiti. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe wangomaliza maphunziro a makompyuta, akuti atilembera yekha ndi HTML, ikhala yopepuka ndipo sitidzalipira kanthu. Mnzanga akuti zimenezo n'zachikale, tingotsegula Wix n'kumakoka zithunzi, tsiku limodzi zatheka. Wina akuti WordPress basi. Mutu wanga waima. Ndili ndi laputopu yakale ndi foni. Mitengo yathu imasinthasintha ndipo ndikufuna ndizisintha ndekha. Ndiyambire pati kuti ndisataye ndalama?" Mayi wa ku Senga Bay, Salima.

Mayi, mtima m'malo. Pa anthu atatu amene akulangizaniwo palibe amene akufuna kukusocheretsani, aliyense akungoyang'ana mbali imene akuidziwa. Njira zonse zitatu zikhoza kutulutsa webusaiti yabwino ya zipinda 6, ndipo mlendo amene adzaitsegule pa foni ali ku Area 47 sadzadziwa n'komwe kuti munaimanga ndi chiyani. Kusiyana kudzaoneka pakapita miyezi, tsiku limene mtengo wa chipinda wakwera kapena mwasintha nambala ya foni, ndipo mukufuna zimenezo zikonzedwe usiku womwewo. M'kalata mwanu mwanena kale kuti mukufuna muzisintha mitengo nokha. Mawu amenewo ndi amene ndiyezere njira iliyonse.

Choyamba, za uchikale. Tsamba lililonse limene mumatsegula pa intaneti limafika pa foni yanu lili HTML, CSS ndipo nthawi zambiri JavaScript. HTML imanena kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. CSS imanena mtundu, kukula kwa zilembo ndi kakhalidwe ka zinthu pa sikirini. JavaScript ndi imene imachititsa kuti menyu itseguke mukaidina. HTML yakhalapo kuyambira pamene Tim Berners-Lee anatsegula webusaiti yoyamba ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, mu 1991, ndipo Wix ndi WordPress zimatulutsa zomwezo, kungoti zimakulemberani inu mukungosanja zinthu ndi mausi. Ndiye mwana wanuyo sakuchita zachikale ayi. Zachikale zenizeni ndi mapulogalamu ngati Microsoft FrontPage, imene inathera pa mtundu wa 2003. Wina akabwera nayo pa fulashi, mukane. Dreamweaver, yomwe inayamba mu 1997, ikadalipo kwa Adobe koma ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo ntchito yanuyi siikufunika zimenezo.

Njira ya mwana wanuyo ili ndi zabwino zenizeni, makamaka kwathu kuno. Zida zake ndi zaulere: Visual Studio Code ya Microsoft, kapena Notepad++ ngati laputopu ikulemedwa. Amalemba popanda intaneti, magetsi atazima bola batire ilipo, bandulo osaikhudza. Amapanga foda imodzi, m'menemo muli index.html yomwe ndi tsamba loyamba, zipinda.html, mitengo.html, fayilo imodzi ya style.css ndi kafoda ka zithunzi. Akamaliza amakweza fodayo pa GitHub Pages, Netlify kapena Cloudflare Pages, zomwe zimasunga mawebusaiti otere kwaulere. Tsamba lolembedwa mwaukhondo limatseguka msanga ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo akuba a pa intaneti sapezapo polowera pambiri chifukwa kulibe database (nkhokwe imene pulogalamu imasungamo mauthenga) kapena tsamba lolembapo pasiwedi.

Zimene zimavuta oyamba kumene n'zodziwika, ndipo mungamuonetse ndime inoyi. Akaiwala mzere wotchedwa meta viewport kumutu kwa tsamba, pa foni zilembo zimaoneka ting'onoting'ono moti mlendo amachita kukulitsa ndi zala. Akaiwala kunena kuti zilembo ndi za UTF-8, chilembo cha ŵ mu dzina loti Malaŵi chikhoza kusanduka tizizindikiro tosamveka. Chithunzi chikasungidwa ngati Nyanja.JPG koma m'tsamba walemba nyanja.jpg, pa laputopu ya Windows chioneka bwinobwino, koma pa seva, kompyuta imene imasunga webusaiti pa intaneti, chisowa, chifukwa maseva ambiri amayendera Linux imene imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Chimodzimodzinso akaloza chithunzi ku C:\Users m'malo moloza ku kafoda ka zithunzi: iye azichiona, dziko lonse lizingoona kabokosi kopanda kanthu. Zonsezi zimakonzeka m'mphindi zochepa munthu akadziwa poyang'ana.

Vuto lalikulu la njira imeneyi lili pa inuyo. Kusintha mtengo kukhala kutsegula fayilo ya mitengo.html, kusaka nambala pakati pa tizizindikiro, kuisintha osakhudza china chilichonse, kenako kukwezanso fayiloyo. Munthu angaphunzire, ndipo alipo amene amachita. Koma kungofufuta kachizindikiro kamodzi kotsekera, tebulo lonse la mitengo limapendekeka. Nambala ya foni ikakhala pa masamba asanu, muisinthe pasanu. Ndiye mnyamata amene wangomaliza sukulu sakhalitsa ku Senga Bay. Akapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre, muzimuimbira kuti asinthe K imodzi iye ali pa ntchito ya eni, ndipo mawebusaiti ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono amafera pamenepa, akuonetsa mitengo ya zaka ziwiri zapitazo. Mlendo akafika ndi mtengo wakale m'manja, mkangano umayambira pa geti. Komanso mawu oti "sitidzalipira kanthu" ndi oona pa hosting pokha, kutanthauza malo osungira webusaiti pa intaneti. Dzina la webusaiti, limene amati domain, limalipiridwa chaka ndi chaka pa njira iliyonse.

Wix, yomwe inayamba mu 2006, ndiyo yosavuta kuyamba nayo, pamenepo mnzanuyo wanena zoona. Mumasankha maonekedwe okonzedwa kale, n'kuchotsa zithunzi za eni kuikapo zanu. Squarespace imagwira ntchito mofananamo. Koma ntchito yonse imachitikira pa intaneti, kotero ola lililonse limene mukusanja, bandulo ikupita, ndipo laputopu ya RAM ya 4 GB imayamba kuwomba fani ndi kuima. Pa dongosolo laulere, pamwamba pa tsamba lanu pamakhala malonda a Wix ndipo adiresi imakhala ndi wixsite.com, zomwe sizipatsa chikhulupiriro kwa mlendo amene akufuna kutumiza ndalama asanafike. Kuti muike dzina lanulanu muyenera kulipira, ndipo malipirowo ndi a madola kudzera pa khadi la kubanki. Inu mukudziwa m'mene ndalama zakunja zavutira. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene ankalipira chinthu m'madola anaona mtengo wake ukudumpha tsiku limodzi. Khadi likakanika mwezi wolipira, dzina lanu limachoka pa tsambalo mpaka mutalipira. Chinanso chimene anthu sauzidwa poyamba n'chakuti webusaiti ya Wix simungaitulutse kukaiika kwina. Ili ngati nyumba ya lendi imene mwaipaka penti ndi kuikamo matailosi: tsiku losamuka mumangonyamula katundu wanu, zithunzi ndi mawu, kwinako n'kukayambiranso.

Ngati mukufuna kanthu kaulere koti kakhalepo sabata ino pamene mukukonza zenizeni, Google Sites ndi yokwanira. Imafuna akaunti ya Gmail basi, ilibe malonda, ndipo mungailumikize ku dzina lanu. Maonekedwe ake ndi ochepa, koma mitengo, zithunzi ndi mapu zimakwanamo.

Tsopano WordPress, imene ndikukulangizani. Inayamba mu 2003 ndi Matt Mullenweg ndi Mike Little, ndipo lero mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse amayendera iyo. Kuchuluka kumeneko kuli ndi phindu kwa inu: mwana wanuyo akachoka, simudzasowa wina woidziwa, ngakhale pa boma pa Salima pomwepo. Samalani kuti pali ziwiri. WordPress.com ndi kampani imene imakusungirani webusaiti, mofanana ndi Wix, ndipo zambiri zofunika zili pa madongosolo olipira m'madola. WordPress.org ndi pulogalamu yeniyeniyo, yaulere, imene mumaiika pa hosting yomwe mwasankha nokha. Ndikunena yachiwiriyi. Imafuna seva yokhala ndi PHP ndi database ya MySQL kapena MariaDB, zomwe pafupifupi kampani iliyonse ya hosting imapereka, ndipo ambiri ali ndi batani loiika mongodina mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting yanu. Funani kampani imene mungailipire m'makwacha komanso imene imayankha foni. Afunseni ngati amasunga backup, kope lapadera la webusaiti yanu, tsiku ndi tsiku, ndiponso mtengo wa chaka chachiwiri, chifukwa ena amatsitsa chaka choyamba chokha.

Kuyambira mtundu wa 5.0 mu 2018, WordPress ili ndi polembera pake pomwe mumasanja zinthu m'zigawo: ndime, chithunzi, tebulo, batani. Kusintha mtengo ndi kulowa ndi pasiwedi yanu, kutsegula tsamba la mitengo, kudina pa nambala, kulemba yatsopano, n'kusunga. Mukhoza kuchita zimenezo pa foni muli kukhitchini. Ngati mukuopa kuononga, mwana wanuyo aike pulogalamu yotchedwa Local kapena XAMPP pa laputopu, mukhale ndi WordPress yophunzirirapo yosafuna intaneti, muiswe m'mene mungathere mpaka dzanja lizolowere.

Koma WordPress imafuna chisamaliro, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amapwetekera. Maonekedwe ake amatchedwa theme, ndipo tizigawo towonjezera ntchito timatchedwa plugin. Woyamba kumene amatengeka, amaika ma plugin 25, ka zithunzi zoyendayenda, ka nyimbo, ka kuwerenga alendo, mapeto ake tsamba limatenga nthawi yaitali kutseguka ndipo plugin imodzi ikasemphana ndi inzake zonse zimaima. Tengani theme yopepuka, monga imene imabwera ndi WordPress yomwe, kapena GeneratePress, Astra kapena Kadence za ulere. Ma plugin asapitirire asanu: ya backup monga UpdraftPlus imene izitumiza kope ku Google Drive yanu, ya kufulumizitsa masamba, ya fomu ngati mukuifuna. Wina adzakuuzani kuti muike Elementor kuti muzikoka zinthu ngati pa Wix. Ndi pulogalamu yabwino pa malo ake, koma imalemeretsa tsamba, ndipo mukadzaichotsa masamba amene munamanga nayo amasokonekera. Pa zipinda 6 simukuifuna.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musalole aliyense akuikireni theme kapena plugin yolipira imene waitenga kwaulere pa mawebusaiti obera. Amazitchula kuti nulled. Nthawi zambiri mkati mwake mumakhala mwabisidwa zoipa, ndipo pakapita milungu mlendo akadina dzina lanu pa Google amakafikira ku tsamba la juga kapena la zolaula, inu osadziwa chifukwa mukalowa nokha zonse zimaoneka bwino. Google ikazindikira imaika chenjezo lofiira, ndipo kuyeretsa kumadya ndalama zoposa zimene munapulumutsa. Dzina lolowera lisakhale admin, pasiwedi ikhale yaitali ndipo isakhale dzina la malo anu ndi chaka. Kamodzi pa mwezi lowani, tengani backup kaye, kenako dinani zokonza (ma update) zimene WordPress ikukuuzani. Ndondomeko yake ndi imeneyo, backup patsogolo.

Mwana wanuyo sataya kanthu pa chisankhochi. Iye ndi amene aike WordPress, akonze masamba, ndipo nzeru zake za HTML ndi CSS zidzagwira ntchito tsiku limene batani lakhala pamalo olakwika kapena zilembo zikuphimba chithunzi, chifukwa WordPress ili ndi malo olembapo CSS yowonjezera. Munthu wongodziwa kukoka ndi mausi amakakamira pamenepo. Apitirize kuphunzira pa MDN Web Docs ya Mozilla kapena freeCodeCamp, zonse zaulere. Webusaiti yanu ikanakhala ya masamba atatu osasintha, monga ya mpingo imene imangonena nthawi ya mapemphero, ndikanati alembe pamanja basi.

Dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina lanu, pa imelo yanu, ndi nambala yanu. Izi sizitengera njira imene mwasankha, ndipo musachite manyazi poti ndi mwana wapakhomo. Mayina othera ndi .mw akhala akulembetsedwa kudzera ku Malawi SDNP, pamene a .com amagulidwa kwa makampani ambiri pa madola apakati pa 10 ndi 20 pachaka, ndipo makampani ena a hosting a kuno amakugulirani inu n'kulipira m'makwacha. Ngati akugulirani, onetsetsani kuti pa mwini pali dzina lanu. Tsiku lothera lilembeni pa kalendala ya pakhoma mwezi umodzi lisanafike, chifukwa dzina likatha osalipiridwa, pakapita nthawi wina aliyense akhoza kulitenga, pamene inu munalisindikiza kale pa chikwangwani cha pamsewu. Mapasiwedi a domain, a hosting ndi a WordPress alembedwe m'kabuku kosungidwa pamodzi ndi mapepala a bizinesi.

Zithunzi ndizo zimapha mawebusaiti ambiri kuposa kusankha pulogalamu. Chithunzi chochokera pa foni chimalemera 3 mpaka 5 MB. Mukaika khumi pa tsamba loyamba, mlendo wa bandulo ayenera kutsitsa pafupifupi 40 MB kuti angoona zipinda, ndipo sadikira, amabwerera. Chithunzi chilichonse chichepetsedwe chisanakwezedwe: chachikulu cha pamwamba chikhale mapikiselo 1600 m'lifupi, za zipinda 800 mpaka 1000, chilichonse chisapose 200 KB, mu JPEG kapena WebP. Chida chaulere chotchedwa Squoosh chimachita zimenezi pa browser pomwepo, ndipo chimaonetsa chakale ndi chatsopano mbali ndi mbali kuti muone ngati chaonongeka. Pojambula, kumbukirani kuti gombe la Senga Bay limayang'ana kum'mawa. Jambulani kunja m'mamawa dzuwa likungotuluka panyanja, mabwato a asodzi akubwerera. M'zipinda tsegulani makatani, yalani bedi, mangani neti ya udzudzu m'mwamba koma ioneke, chifukwa mlendo amafuna adziwe kuti ilipo. Bafa lionetseni. Mlendo akapanda kuliona amaganiza kuti mukubisa.

Masamba asachuluke. Loyamba, la zipinda, la mitengo, la kafikidwe ndi kulumikizana. Pa mitengo lembani tsiku limene munasintha komaliza ndipo nenani ngati chakudya cha m'mawa chili momwemo. Pa kafikidwe fotokozani ngati mukuuza dalaivala: kuchoka ku Lilongwe pa msewu wa M14 kufika ku Salima, kenako makilomita pafupifupi 20 kupita kunyanja, pokhotera pali chakuti. Alendo ambiri sadzalemba mu fomu, adzafuna WhatsApp, ndiye batani lake likhale pa tsamba lililonse. Linki yake imalembedwa wa.me/265 kenako nambala yanu yopanda 0 wa kumayambiriro, popanda mipata kapena chizindikiro cha kuphatikiza. Ambiri amasiya 0 uja ndipo batani limakana. Lembetsaninso malo anu pa Google Business Profile ndi kuika chizindikiro pamalo enieni pa mapu. N'zaulere, ndipo kwa malo ogona alendo nthawi zina zimabweretsa anthu ambiri kuposa webusaiti yomwe.

Musanalengeze, iyeseni pa foni wamba ya Android, pa data osati pa Wi-Fi, kamodzi pa Airtel kamodzi pa TNM. Perekani foniyo kwa munthu amene sanaionepo, mumuuze kuti apeze mtengo wa chipinda cha anthu awiri n'kukutumizirani uthenga, inu mungoyang'ana osamuthandiza. Pamene wakakamira ndi pamene pakufunika kukonza. PageSpeed Insights ya Google imakuuzani kwaulere chimene chikuchedwetsa tsamba. Onaninso kuti adiresi ikuyamba ndi https. Ikapanda kutero Chrome imalemba kuti Not secure, ndipo alendo amaopa. Satifiketi yake imapezeka kwaulere kuchokera ku Let's Encrypt, ndipo hosting yabwino imaiika ndi kuikonzanso yokha. Wokuuzani kuti mulipire padera pa zimenezi mumufunse chifukwa chake.

Pali zina zimene musazisiye m'manja mwa woyamba kumene, ngakhale akhale wanzeru chotani. Kulandira ndalama pa webusaiti pomwepo, kaya za Airtel Money, Mpamba kapena makhadi, kumafuna kampani yovomerezeka yodutsitsa malipiro ndi munthu amene anazilumikizapo kale. Pakadali pano mlendo azikulemberani pa WhatsApp, inu n'kumuuza potumiza. Kalendala yosungitsa zipinda imene iyenera kugwirizana ndi Booking.com, webusaiti imene alendo amasungitsirapo zipinda, nayonso ndi ya katswiri, chifukwa ikalakwika chipinda chimodzi chimagulitsidwa kawiri. Musapemphe alendo kukweza zithunzi za mapasipoti kapena ziphaso zawo pa webusaiti: dziko lino lili ndi lamulo loteteza mauthenga a anthu la 2024, ndipo zinthu zotere zikatayika mlandu ndi wanu.

Mukafuna kulemba ntchito katswiri, mumuuze akupatseni mawebusaiti atatu amene anamanga omwe akugwirabe ntchito, muwatsegule pa foni yanu, ndipo ngati n'kotheka imbirani mwini wa imodzi. Mugwirizane polemba kuti akupatsani mapasiwedi onse, kuti adzakuphunzitsani kusintha mitengo ndi zithunzi, ndiponso kuti chisamaliro cha pachaka ndi ndalama zingati. Gawo lomaliza la malipiro mupereke mutalowa nokha n'kusintha mtengo umodzi iye akuona.

Mumuitanenso msanga mukaona masamba amene simunalembe, alendo akamadandaula kuti akutumizidwa kwina, kapena Google ikaika chenjezo pa dzina lanu. Tsiku limene mwadina zokonza ndiye tsamba langoyera mbee kapena likunena za critical error, musafufute kalikonse ndipo musaikenso WordPress mwatsopano. Kawirikawiri imakhala plugin imodzi yasemphana ndi zina. Yang'anani imelo yanu, chifukwa WordPress imatumiza linki yolowera mwapadera kuti muzimitse plugin yolakwayo. Imeloyo ikapanda kufika, imbirani a hosting muwapemphe abwezeretse backup ya dzulo lake.